Nkhuni Zochepa, Utsi Wochepa, Mwana Wathanzi

Amayi, mu sewero la pa wailesi lija munamva banja likukangana chifukwa cha nkhuni. Pa zokambirana panabuka funso lakuti: kodi nkhani ya nkhuni ikukhudzana bwanji ndi sikelo ya ana? Yankho lake ndi lakuti ikukhudzana kwambiri. Momwe mumasonkhera moto ndi momwenso mumasamalira chifuwa cha mwana wanu ndi chakudya chake.

Nkhuni zikasowa, amavutika ndi mwana

Nonse mukuwadziwa matumba a makala amene amandanda m'mbali mwa msewu wochokera kuno ku Mwanza kupita ku Blantyre. Mitengo yambiri ya ku Mwanza ndi ku Neno yathera m'makala ophikira anthu a mumzinda. Nkhalango ya Thambani ndi yotetezedwa ndi boma, ndipo lamulo la za nkhalango lomwe linakonzedwanso mu 2020 limalanga koopsa munthu wootcha makala popanda chilolezo. Komabe mitengo ya pafupi ndi midzi yachepa, ndipo ulendo wa ku nkhuni ukunka nutalika.

Nkhuni zikavuta, mayi amayamba kusankha zophika. Nyemba ndi nandolo wouma amazileka chifukwa zimadya nkhuni, chonsecho ndi zakudya zomanga thupi la mwana. Phala la m'mawa amampatsa mwana masana lili lozizira. Madzi akumwa sawawiritsa. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa kuopsa kwa madzi osatetezedwa. Choncho kusamala nkhuni si umbombo ayi, ndi kuteteza banja.

Utsi umachita chiyani m'thupi?

Moto wa pa mafuwa umamwaza kutentha mbali zonse, ndipo kochepa kokha ndi komwe kumafika pa mphika. Nkhuni zikamapsa mosakwanira zimatulutsa utsi wambiri. Mu utsimo muli tizidutswa ting'onoting'ono tomwe timalowa mpaka m'kati mwa mapapo. Taonani mwaye wakuda umene uli kudenga la khitchini yanu. Zomwezo ndi zimene mumapuma inu ndi mwana amene mwam'bereka kumbuyo.

Mwana amapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu, ndipo mapapo ake ndi anthete. Ndi chifukwa chake utsi umamuika pa chiopsezo cha chibayo. Mayi woyembekezera amene amakhalitsa mu utsi akhozanso kubereka mwana wonyentchera. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lapansi, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka zisanu.

Utsi womwewu ukakwera kumwamba umathandizira kusintha kwa nyengo, ndipo mapiri opanda mitengo salimba mvula ikachuluka monga inachitira pa namondwe wa Freddy mu 2023.

Mbaula yosunga nkhuni

Chitetezo Mbaula ndi mbaula youmbidwa ndi dongo n'kuotchedwa ngati mphika. Ili ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni, ndipo khoma lake limasunga kutentha n'kukulunjikitsa pansi pa mphika. Mukaigwiritsa ntchito bwino, mtolo womwe umatha masiku awiri pa mafuwa ukhoza kufika masiku atatu. Imayakanso ndi tinthambi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo youma, zomwe kuno sizisowa mukakolola. Mu 2013 boma la Malawi linalonjeza kufikitsa mbaula zosunga nkhuni ku mabanja 2 miliyoni pofika 2020, ndipo magulu ambiri a amayi anaphunzira kuziumba. Funsani alangizi a zaumoyo kapena a zankhalango a kwanu kuti akuuzeni komwe mungaipeze.

Koma tikuuzeni zoona: mbaula yokha si mankhwala a chibayo. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anapeza kuti mbaula zamakono zinachepetsa kupsa kwa ana ndi moto, koma sizinachepetse chibayo. Mwana amakumana ndi utsi m'malo ambiri: pootcha zinyalala, pa moto woothera, ngakhale kwa anansi. Choncho mbaula iziyendera limodzi ndi makhalidwe abwino.

Zoyenera kuchita kuyambira lero

1. Gwiritsani ntchito nkhuni zouma ndi zowaza. Zaziwisi zimafuka utsi ndipo sizipsa bwino. Sungani zina pa mthunzi dzinja lisanafike.
2. Konzani zonse musanayatse moto. Sadzulani ndiwo, tungani madzi, ikani ufa pafupi.
3. Viikani nyemba kapena nandolo m'madzi usiku wonse. M'mawa sizichedwa kupsa.
4. Vindikirani mphika nthawi zonse. Ukawira, chepetsani nkhuni.
5. Mukatha kuphika, zimitsani zikuni zotsala kuti mudzasonkherenso.
6. Phikirani panja, kapena m'khitchini ya zenera ndi khomo lotsekula.
7. Musayatsire moto majumbo kapena pulasitiki ina iliyonse. Utsi wake ndi wapoizoni.
8. Pophika, m'tsitseni mwana kumbuyo. Apatseni agogo ake, bambo ake kapena mkulu wake kuti akhale naye kutali ndi utsi.
9. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha womwe umapha anthu ali m'tulo. M'fundeni mwana bwino m'malo mwake.

Abambo nawonso ali ndi mbali yawo. Kuwaza nkhuni, kuboola zenera la khitchini ndi kubzala mitengo pakhomo ndi ntchito ya banja lonse.

Zizindikiro zoopsa

Mwana akamatsokomola, werengani mpweya wake kwa mphindi imodzi ali phee. Akupuma mofulumira ngati akufika ka 60 asanakwane miyezi iwiri, ka 50 kuyambira miyezi iwiri mpaka chaka, kapena ka 40 kuyambira chaka mpaka zaka zisanu. Ngati chifuwa chikulowa m'kati popuma, akukana kuyamwa, akukomoka kapena wafooka kwambiri, musadikire tsiku la sikelo. Thamangirani naye ku chipatala cha pafupi, kaya ku Thambani, ku Kunenekude, ku Tulonkhondo kapena ku chipatala chachikulu cha Mwanza. Onetsetsaninso kuti walandira katemera yense, chifukwa wina mwa katemerayu amateteza ku chibayo.

Mafunso okambirana pa gulu

Kodi mtolo umodzi umatha masiku angati pakhomo panu? Ndi chakudya chiti chomwe munasiya kuphika chifukwa cha kusowa nkhuni? Nanga mwana wanu amakhala pati inu mukamaphika?