Ana a Bambo Mmodzi pa Nsanja Imodzi

Mu 1997 nyimbo yotchedwa MMMBop inakhala pa nambala wani ku America ndi ku Britain, ndipo mawailesi a m'mayiko ambiri ankaiulutsa usana ndi usiku. Eni ake anali anyamata atatu a bere limodzi ochokera mumzinda wa Tulsa ku Oklahoma: Isaac Hanson wa zaka 16 pa gitala, Taylor wa zaka 14 pa kiyibodi, ndi Zac wa zaka 11 pa ng'oma. Chimbale chawo, Middle of Nowhere, chinagulidwa makope pafupifupi 10 miliyoni. Anthu ambiri ankakamba za tsitsi lawo lalitali ndi za atsikana amene ankakuwa akangowaona, ngati kuti mwayi unangowagwera anawo ali m'tulo. Komatu kuyimba ndi ntchito. Kuli ndi ophunzira ake, mabwana ake, aganyu ake ngakhalenso ngongole zake, ndipo bandi ya pachibale imamveka bwino tikaiona monga bizinesi ya banja. Mbiri ya magulu otere imandionetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Ubale umathandiza kwambiri poyamba chifukwa umatsitsa mtengo wophunzirira ntchito, koma gulu likatchuka ubale pawokha sukwanira kulisunga. Chimene chimalisunga ndi nkhani zimene mabanja ambiri sakonda kuzikamba: mwini nyimbo ndani, ndalama zigawidwa bwanji, ndipo mawu omaliza ndi a yani.

Achinyamata osakhala pachibale akafuna kuyambitsa bandi amavutika kupezana, amasowa malo ophunzirirapo, ndipo chaka chisanathe wina amapeza ntchito kapena kukwatira n'kusiya anzake manja ali m'khosi. Ana a nyumba imodzi amadzuka pamodzi, amadyera pamodzi, ndipo amene wanyanyala lero alibe kothawira mawa. Abale a Hanson anayamba kuyimba pagulu mu 1992 pa chikondwerero cha Mayfest kwawo ku Tulsa, opanda zida, mawu okhaokha. Sukulu ankaphunzirira pakhomo ndi mayi awo, choncho nthawi yoyeserera nyimbo inalipo yambiri. Dziko lisanawadziwe anali atatulutsa kale zimbale ziwiri mwa iwo okha, mu 1995 ndi mu 1996. Ku Ireland, Jim, Sharon, Caroline ndi Andrea Corr a ku Dundalk anakulira m'nyumba imene bambo ndi mayi awo ankayimba m'malo achisangalalo. Atsikana atatu a gulu la Haim ku Los Angeles anayambira m'bandi ya makolo awo. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo, pakuti Chileka inatipatsa Daniel ndi Donald Kachamba, kenako ana a Robert Fumulani mu Black Missionaries, ndipo Balaka inatipatsa Paul ndi Lucius Banda. Ogwira ntchito oyamba m'magulu otere ndi makolo. Amagula zida, amapereka chipinda, amayendetsa galimoto usiku, amawerengera ndalama za pakhomo lolowera, ndipo salemba malipiro awo paliponse. Bandi ya anthu obwera kosiyanasiyana ikanayenera kulipira zonsezi isanapeze ngakhale tambala, ndipo magulu ambiri amafera pomwepo.

Ena amati magulu ngati Hanson ndi opangidwa ndi makampani, kuti anawo anali nkhope chabe pamene ntchito yeniyeni ankagwira ndi akuluakulu obisika. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake ndipo sitiyenera kuchizemba. Manijala wawo woyamba, Christopher Sabec, anawapeza ku msonkhano wa oyimba wa South by Southwest mumzinda wa Austin, ndipo anayenda nawo m'makampani ambiri amene anawakana. Amene anawalandira anali Steve Greenberg wa ku Mercury Records, mmodzi wa anthu amene ntchito yawo ndi kusaka oyimba atsopano ndi kuwapezera owajambula oyenera. MMMBop imene anyamatawa anajambula okha inali yoyenda pang'onopang'ono. Imene dziko linavina inadutsa m'manja mwa akatswiri ojambula nyimbo otchedwa Dust Brothers ndi Stephen Lironi, amene anaifulumizitsa ndi kuipatsa mgundo wina. Pa nyimbo zina za m'chimbalecho anawo anapeka limodzi ndi akadaulo akale monga Desmond Child, Barry Mann ndi Cynthia Weil. Koma kugawana ntchito kotere ndi mmene ntchito yoyimba imayendera kwa aliyense, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Woyimba wa zaka 40 amafunanso womujambula, wosakaniza mawu ndi woyenda m'mawailesi kukopa aulutsi. Ndipo pali mfundo imene onena zimenezi amaidumpha: MMMBop anaipeka ndi anyamata atatuwo, ndipo mayina awo ndi amene analembedwa monga eni ake. Kampani inapeza kale nyimbo ndi oyimba amene anali atazolowera nsanja kwa zaka zinayi, iyo n'kuwonjezapo ndalama ndi njira zofikira anthu.

Dzina lolembedwa pa nyimbo ndi nkhani yaikulu chifukwa nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi umwini wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa amene anapeka mawu ndi mayimbidwe ake, ndipo umenewu umabweretsa ndalama nthawi iliyonse nyimboyo ikaulutsidwa pa wailesi, ikayimbidwa pagulu kapena ikaikidwa m'filimu. Mabungwe otolera ndalama zotere alipo m'mayiko ambiri, monga ASCAP ndi BMI ku America, kapena COSOMA kuno ku Malawi. Wachiwiri ndi umwini wa chojambulacho, ndipo m'migwirizano ya makampani aakulu umenewu kawirikawiri umakhala wa kampani. Ndalama zimene kampani imapatsa oyimba posayina mgwirizano zimaoneka ngati mphatso, koma zimadzachotsedwa pa gawo lawo la malonda pamodzi ndi zolipirira situdiyo, ndipo nthawi zambiri gawo la ndalama zojambulira mavidiyo limalowanso momwemo. Pa zimene zatsala manijala amatengapo 15 kapena 20 pa 100 iliyonse, wowapezera malo oyimbira amatengapo pafupifupi 10, loya ndi wowerengera ndalama nawonso akudikira. N'chifukwa chake gulu likhoza kumveka pa wailesi iliyonse koma m'thumba muli mbee. Pamenepa bandi ya pachibale ili ndi mwayi umodzi ndi msampha umodzi. Ngati abale onse alembedwa monga opeka, ndalama zimalowa mofanana ndipo nsanje imachepa. Ngati wopeka ndi mmodzi, iyeyo amalemera msanga kuposa mkulu wake kapena mng'ono wake amene amatuluka naye thukuta pa nsanja imodzi, ndipo kusiyana kumeneku kumafika mpaka pa chakudya cha Khirisimasi kwa makolo.

Mayeso enieni a Hanson anabwera kutchuka kutayamba kuzilala. Mu 1998 kampani ya PolyGram, mwini wa Mercury, inagulidwa n'kuphatikizidwa ndi Universal, ndipo anyamatawa anadzipeza ali m'manja mwa Island Def Jam, pansi pa mabwana amene sanawasankhe. Chimbale chawo cha mu 2000, This Time Around, sichinagulidwe ngati Middle of Nowhere. Pokonza chotsatira, kampani inakana nyimbo zawo zoposa 80, ndipo kulimbana kumeneku kunajambulidwa m'filimu yotchedwa Strong Enough to Break. Magulu ambiri amatha akafika apa, aliyense n'kulowera kwake. Iwo anatuluka m'kampaniyo, nakhazikitsa yawoyawo, 3CG Records, ndipo mu 2004 chimbale chawo Underneath chinatsogolera pa mndandanda wa Billboard wa zimbale za makampani oima paokha. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inasintha. Anakhala olemba anthu ntchito, osunga mabuku a ndalama, okonza maulendo ndi ogulitsa malaya okhala ndi dzina lawo. Chaka ndi chaka amaitanira owatsatira ku Tulsa, anayambitsa chikondwerero cha Hop Jam, anafika popanga ndi mowa wa dzina lawo. Sanabwererenso pa nambala wani ngati nthawi ya MMMBop, ndipo wina angatche kumeneko kulephera. Ine ndikuona kuti munthu amene wadya thukuta la ntchito imodzi kwa zaka zoposa 30, nyimbo zake zatsopano zili m'manja mwake, wapeza chimene oyimba ambiri otchuka amachisowa.

Njira ina ndi imene anadutsa Kevin, Joe ndi Nick Jonas, ana a m'busa wa ku Wyckoff ku New Jersey. Amene anawalemba ku Columbia Records anali Steve Greenberg yemwe uja. Chimbale chawo choyamba cha mu 2006 sichinayende malonda, ndipo kumayambiriro kwa 2007 kampaniyo inawasiya. Anawatola a Hollywood Records, nthambi ya Disney, ndipo apa m'pamene mphamvu ya kampani imaonekera poyera, chifukwa Disney inali ndi kanema wake, wailesi yake ndi mafilimu ake. Anyamatawa anaonekera mu Hannah Montana, kenako m'filimu ya Camp Rock mu 2008, ndipo chaka chomwecho chimbale chawo A Little Bit Longer chinafika pa nambala wani. Kukwera kwawo kunali kwa liwiro kuposa kwa Hanson, koma dzina lawo linamangidwa ku msika wa ana, ndipo ana amakula. Mu Okutobala 2013 anathetsa ulendo wokayimba kutangotsala masiku ochepa kuti uyambe, kenako analengeza kuti gulu latha chifukwa sankagwirizana za mtundu wa nyimbo zoti aziyimba. Atabwererana mu 2019 nyimbo yawo Sucker inayambira pa nambala wani, koma anabwerera ali akuluakulu, Nick ndi Joe atayesa kale kuima paokha ndi kudziwa mtengo wa dzina lawo.

Pali ena amene angati ndikuchepetsa mphamvu ya magazi. Amati mawu a abale amalukana mwa njira imene alendo sangaifikire, ndiponso kuti chibale ndi fupa, sichiwola, choncho gulu la pachibale silifunika mapepala ndi maloya. Za mawuzo ndikuvomereza. Ana oleredwa pamodzi amatchula mawu mofanana, amapuma pa malo amodzi, ndipo aliyense womvera The Corrs kapena Bee Gees amamva yekha kukoma kwake. Koma kukoma kwa mawu sikunaletse Phil Everly kuphwanya gitala ndi kuchoka pa nsanja mu 1973, n'kukhala zaka 10 osayimba ndi mkulu wake Don. Sikunaletsenso Noel ndi Liam Gallagher a gulu la Oasis kupatukana ku Paris mu 2009 mpaka 2025. Ubalewo sunawole, koma ntchito inaima, ndipo imaima moipa kuposa ya alendo chifukwa mkangano wa ndalama umadzutsa ndi madandaulo a paubwana. Makolo nawonso, amene ali chuma cha gulu poyamba, akhoza kusanduka chiopsezo. Murry Wilson, bambo wa abale atatu a mu Beach Boys, anali manijala wawo mpaka ana ake anamuchotsa mu 1964, ndipo mu 1969 anagulitsa umwini wa nyimbo zawo pa madola 700,000, mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene nyimbozo zinadzabweretsa. Mwana sangakambirane za malipiro momasuka ndi bwana amene alinso bambo wake. Boma la California linaona vuto limeneli kalekale, Jackie Coogan, amene anatchuka m'mafilimu ali mwana, atapeza kuti chuma chake chadyedwa ndi amayi ake ndi mwamuna wawo wachiwiri. Lamulo la mu 1939 lotchedwa ndi dzina lake lero limafuna kuti 15 pa 100 iliyonse ya malipiro a mwana isungidwe m'banki mpaka atakula. Lamulo lotere silinyoza makolo abwino. Limangovomereza kuti mwana wa zaka 11 woyimba ng'oma pamaso pa anthu zikwizikwi ali pa ntchito.

Gulu lomaliza la antchito ndi limene silioneka pa chikuto cha chimbale, ndipo ndi limene limandikhudza kwambiri. Abale atatu kapena anayi sakwanitsa okha kuyimba zonse zimene zili m'chimbale, choncho amalemba oyimba ena. The Corrs anayenda zaka zambiri ndi Anthony Drennan pa gitala ndi Keith Duffy pa besi. Jonas Brothers anali ndi Greg Garbowsky pa besi ndi Jack Lawless pa ng'oma. Kumbuyo kwa amenewa kuli oyang'anira zokuzira mawu, oyatsa magetsi a pa nsanja, okonza magitala, onyamula katundu, oyendetsa mabasi ndi malole usiku wonse, ndi ogulitsa malaya pakhomo. Ambiri mwa iwo amalipidwa pa sabata kapena pa ulendo, ndipo ulendo ukatha malipiro amathera pomwepo, monga zinaonekera mu 2020 pamene Covid-19 inatseka malo oyimbira. M'bandi ya anthu wamba woyimba wolembedwa ganyu akhoza kudzakhala membala tsiku lina. M'bandi ya pachibale kawirikawiri khomo limenelo n'lotseka kuyambira pachiyambi, chifukwa umembala umabwera ndi kubadwa, ngakhale mlendoyo atatumikira zaka 20. Ku America bungwe la oyimba la American Federation of Musicians limaika mitengo yosatsikirapo ya ntchito ya mu situdiyo, koma pa maulendo zambiri zimadalira zimene munthu wagwirizana ndi manijala. Abale a Jonas atathetsa ulendo wawo wa mu 2013 nkhani zonse zinali pa anyamata atatuwo ndi pa owatsatira amene anabwezeredwa ndalama za matikiti. Oyimba olembedwa, amagetsi ndi madalaivala amene anali atakonzekera masabata a ntchito sanali nawo pa zokambirana za banjalo, ndipo amene mgwirizano wake sunanene kanthu za ulendo wolephereka analibe pokadandaula.