Galimoto ikakana kulira, kompyuta ya injini ikhale yomaliza kuikayikira

MANGOCHI - Mkulu wa nthambi ya boma akalandira kalata yopempha ndalama zokonzetsera galimoto yomwe yakana kulira, nthawi zina amapezamo mawu akuti kompyuta ya injini yapsa ndipo pakufunika ina. Popeza chipangizochi ndi chimodzi mwa zodula kwambiri pa galimoto zamakono, nkofunika kuti wovomereza ndalamazo adziwe zomwe makaniko amayenera kuyamba wayeza asanafike pa chigamulo chotere.

M'boma la Mangochi nkhaniyi ndi yaikulu kaamba koti ntchito za boma zimadalira galimoto zoyenda mitunda italiitali monga ku Makanjira, Namwera, Chilipa, Monkey Bay ndi kuchipata cha Chiponde. Ambulansi ikakhala pa miyala kwa sabata zingapo podikira chipangizo chochokera ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 190, kapena kunja kwa dziko lino, ovutika ndi odwala akumidzi. Zimakhala zachisoni zikadzadziwika kuti vuto linali fyuzi chabe.

Kompyuta ya injini, yomwe amakaniko amaitcha ECU, ndi kabokosi komwe kamalandira uthenga kuchokera ku masensa oyeza kazunguliridwe ka injini, kutentha kwake ndi kuchuluka kwa mpweya wolowa. Ikatero imalamula kuchuluka kwa mafuta opita mu injini komanso nthawi yoyenera kuti ayake. Si galimoto zonse zomwe zimadalira kabokosika. Ma Land Cruiser a injini ya dizilo ya 1HZ, omwe akhala akugwira ntchito ngati ambulansi m'zipatala zambiri, ali ndi pampu yogawa mafuta popanda kompyuta. Koma ma Hilux a injini ya D-4D ndi galimoto zing'onozing'ono zochokera ku Japan sizingalire kompyutayi ikaleka kugwira ntchito.

Funso loyamba kwa dalaivala ndi lakuti: kodi mukapotoza kiyi injini ikuzungulira kapena ayi? Ngati sikuzungulira, kapena mukungomveka kaphokoso kakuti the-the-the, kawirikawiri vuto limakhala pa batire, pa mitu yake yomwe yachita dzimbiri, pa waya wopita ku thupi la galimoto kapena pa sitata. Batire lodzaza bwino limaonetsa ma volt 12.6 injini ili chozima, ndipo likatsika kufika pa 12 ndiye kuti lafooka. Kutentha kwa m'mbali mwa nyanja, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kumaumitsa madzi a m'batire ndi kulifooketsa msanga.

Ngati injini ikuzungulira bwino koma osalira, makaniko amaona ngati mafuta akufika. Pa galimoto zambiri za petulo, pampu ya m'thanki imamveka kulira pang'ono kwa masekondi awiri kapena atatu kiyi akangopotozedwa. Sefa yotsekeka, mpweya wolowa m'mapaipi a dizilo, komanso mafuta ogulidwa m'zigubu omwe ali ndi madzi kapena zitsotso, zonsezi zimalepheretsa injini kulira. Kenaka amayeza mafyuzi, ma relay ndi moto wa mapulagi.

Pali zinthu zina ziwiri zomwe zimasokoneza ngakhale amakaniko ozolowera. Choyamba ndi sensa ya crankshaft, yomwe imauza kompyuta kuti injini ikuzungulira. Sensayi ikafa, kompyuta yabwinobwino situlutsa mafuta kapena moto. Chachiwiri ndi chipangizo choteteza galimoto ku akuba, chomwe chimazindikira kiyi. Kiyi akawonongeka, kapena wina akasulitsa kiyi wamba kumsika, injini imazungulira koma siilira, ndipo nthawi zambiri kanyali ka chizindikiro cha kiyi kamaphethira kutsogolo kwa dalaivala.

Zonsezi zikayezedwa, mpamene makaniko amalumikiza makina owerengera zovuta pa soketi ya mabowo 16 yomwe imakhala kunsi kwa chiwongolero. Njirayi, yotchedwa OBD-II, idakhala lamulo pa galimoto zogulitsidwa ku America kuyambira mu 1996, ndipo maiko a ku Ulaya adaitsatira pa galimoto za petulo mu 2001. Makinawo amatulutsa nambala, mwachitsanzo P0335, yomwe imaloza ku sensa ya crankshaft ndi mawaya ake. Nambalayi imangoonetsa kumene kuli vuto, osati chipangizo choyenera kugula. Ngakhale makinawo atalephera kulumikizana ndi kompyuta, makaniko ayenera kutsimikiza kaye kuti magetsi akufika pa kompyutayo, chifukwa waya mmodzi wodulidwa ndi khoswe amaichititsa kuoneka ngati yafa.

Kompyuta siifa chisawawa. Zomwe zimaipha kawirikawiri ndi madzi, kusemphanitsa mawaya polumikiza batire la galimoto ina, kuwotcherera chitsulo batire lisanachotsedwe, ndi alternator yotulutsa magetsi opyola muyeso. Alternator yabwino imapereka ma volt apakati pa 13.5 ndi 14.5 injini ikulira.

Za madzi, anthu a kunyanja akuzidziwa bwino. Boma la Mangochi lidakhudzidwa ndi kusefukira kwa madzi mu Januwale 2015 komanso namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo mu 2024 nyanja ya Malawi idadzaza mpaka kulowa m'malo ena ogona alendo. Galimoto yomwe yamira kapena yazimira pakati pa mtsinje isalizidwe. Batire lichotsedwe ndipo galimotoyo ikokedwe, chifukwa magetsi akadutsa mu kompyuta yonyowa amaiwonongeratu, pamene madzi olowa mu injini angathe kupinda zitsulo za mkati.

Zikatsimikizika kuti kompyuta yafadi, chomwe chidaipha chiyambe chakonzedwa, apo ayi yatsopanoyo ipsanso. Nambala yolembedwa pa kabokosi katsopano iyenera kufanana ndi ya kakale, popeza galimoto za dzina limodzi zimasiyana injini ndi chaka. Batire limachotsedwa kaye asanamasule mawaya. Akamaliza kumanga, kompyutayo imayenera kuphunzitsidwa kuzindikira kiyi wa galimotoyo, ndipo pa injini zambiri zamakono za dizilo amalowetsamonso manambala a ma injector. Kompyuta yochotsedwa pa galimoto ina yangozi ndi yotchipirako, koma ikabwera yopanda kiyi wake ingathe kukana kugwira ntchito mpaka katswiri ataikonza.

Kwa ogwira ntchito m'boma, izi zikutanthauza kuti kalata yopempha kompyuta yatsopano izikhala ndi lipoti la zomwe zayezedwa: mphamvu ya batire, mafyuzi, mafuta, manambala otuluka pa makina ndi chomwe chidapha kompyuta yakaleyo. Nthambi ya Plant and Vehicle Hire and Engineering Services, yomwe ambiri amaidziwabe ndi dzina lakale la PVHO, ili ndi akatswiri oyeza galimoto za boma. Ndi bwinonso kuti chipangizo chochotsedwacho chibwezedwe kosungira katundu wa ofesi, ndipo ntchito yonse ilembedwe m'buku la galimotoyo kuti oyendera chuma cha boma adzathe kuitsata.