Pamene LibreOffice ndi OpenOffice Zilimbirana Fayilo Imodzi

Ambiri a inu mudzatumizidwa kukayeserera kuphunzitsa m'sukulu za ku Chileka, ena mpaka ku Lirangwe, kupitirira Lunzu pa msewu wa M1. Kumeneko mungakapeze kompyuta imodzi kapena ziŵiri, zoperekedwa ndi akufuna kwabwino, zimene aphunzitsi onse amalemberapo chikonzekero cha phunziro, mayeso ndi malikisi a ana. Zina mwa kompyuta zotere zimayendera Linux, monga Ubuntu kapena Debian, imene munthu saalipira. Kompyutayo ikasokonezeka mayeso ali pafupi, wodziŵa kukonza ali kutali ndipo bandulo ya intaneti ndi ndalama. Nchifukwa chake taganiza zolongosola vuto limodzi limene limagwera mphunzitsi woika pulogalamu yolembera yachiŵiri pamene ina ilipo kale.

Mbiri ya mapulogalamu aŵiriŵa

LibreOffice ndi Apache OpenOffice ndi ana a mimba imodzi. Kholo lawo linali StarOffice, ya kampani ya ku Germany imene Sun Microsystems inagula mu 1999. Sun inatsegulira anthu onse malamulo a m'kati mwa pulogalamuyo mu 2000, ndipo OpenOffice.org 1.0 inatuluka mu 2002. Oracle itagula Sun mu 2010, ena mwa amisiri anapatuka nakhazikitsa bungwe la The Document Foundation, limene linatulutsa LibreOffice 3.3 mu Januwale 2011. Chaka chomwecho Oracle inapereka OpenOffice ku bungwe la Apache, ndipo Ubuntu 11.04 inayamba kubwera ndi LibreOffice. Popatukana, onse aŵiri anatenga maina a makolo. Fayilo yodzutsa pulogalamu imatchedwabe soffice kwa onse, ndipo apa mpamene pagona mkangano.

Mmene kompyuta imasungira kaundula

Pa Ubuntu ndi Debian pulogalamu imabwera m'maphukusi, ndipo phukusi lililonse lili ndi mafayilo ake pamodzi ndi malo oti fayilo iliyonse ikakhale. Womasula maphukusiwo ndi dpkg. Tingamuyerekeze ndi nyakwaŵa amene adziŵa mwini wa munda uliwonse m'mudzi mwake, ndipo salola mlendo kukhoma zikhomo m'munda wa mnzake. Lamulo la dpkg nlakuti fayilo imodzi ikhale ndi mwini mmodzi, pokhapokha phukusi latsopano litanena poyera kuti likuloŵa m'malo mwa lakale.

Tsono LibreOffice ya Ubuntu inalembetsa kale fayilo ya /usr/bin/soffice m'dzina la phukusi la libreoffice-common. Mphunzitsi akabwera ndi Apache OpenOffice pa fulashi, maphukusi ake ambiri amaloŵa bwino, popeza amakakhala kwaokha mu /opt/openoffice4. Koma phukusi lotsiriza, la openoffice-debian-menus, limene limaika zizindikiro zotsegulira pulogalamu, limafunanso /usr/bin/soffice yomweyo. Pamenepo dpkg amaima nalemba m'Chingerezi mawu akuti "trying to overwrite", natchula fayiloyo ndi phukusi limene lili mwini wake.

Uthenga umenewu sutanthauza kuti kompyuta yafa. LibreOffice ili bwinobwino, zolemba za aphunzitsi zilipo zonse, ndipo dpkg wangoteteza chimene anasungitsidwa. Wofuna kutsimikiza alembe dpkg -S /usr/bin/soffice, ndipo adzauzidwa mwini wa fayiloyo.

Kuipa kwa kukakamiza

Alipo amene amalangiza kuwonjeza mawu akuti --force-overwrite kuti dpkg alole mokakamizika. Lero zinthu zimaoneka ngati zayenda, koma mlandu wangoimitsidwa. Tsiku limene LibreOffice idzalandire maphukusi atsopano, libreoffice-common idzafunanso fayilo yake, nidzapeza kuti yatengedwa. Ntchito idzaima pakati, ndipo apt, amene amatenga maphukusi pa intaneti, adzakana kuika china chilichonse kufikira mkanganowo utatha. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Njira zitatu zoyenera

Yoyamba, imene ife tiivomereza koposa, ndiyo kukhala ndi pulogalamu imodzi. Pa kompyuta ya sukulu tisiye LibreOffice imene inabwera ndi Ubuntu, chifukwa imakonzedwa pamodzi ndi maphukusi ena onse. Imathanso kusunga zolemba monga .docx, pamene Apache OpenOffice imangotsegula mafayilo otero koma siingasunge m'mtundu umenewo. Komanso kuchokera pamene Apache OpenOffice 4.1 inatuluka mu 2014, zotsatira zake za m'gulu la 4.1 zakhala zongokonza zolakwika.

Yachiŵiri ndi ya iye amene ali ndi chifukwa chenicheni chofunira OpenOffice. Ayambe wachotsa maphukusi onse a LibreOffice, kenaka aike yatsopanoyo. Koma asanachotse adzifunse ngati ali ndi intaneti yokwanira kubwezera zimene wachotsa, atasintha maganizo.

Yachitatu ndiyo kusunga zonse ziŵiri koma kusiya phukusi la openoffice-debian-menus osaliika. OpenOffice idzatsegulidwa polemba /opt/openoffice4/program/soffice, ndipo aŵiriwo sadzapondana.

Nanga mukapeza kuti wina anakakamiza kale? Chotsani phukusi loyambitsa mkangano polemba sudo dpkg -r openoffice-debian-menus, kenaka sudo apt --fix-broken install kuti apt amalize ntchito imene inaima. Musanachite zonsezi, kopererani zolemba za sukulu pa fulashi, ndipo pemphani chilolezo kwa aphunzitsi aakulu, pakuti kompyutayo si yanu.

Phunziro la m'kalasi

Kaŵirikaŵiri munthu amafuna pulogalamu yachiŵiri poopa kuti zimene analemba kwina sizitseguka. Mantha ameneŵa ngachabe. Mapulogalamu onse aŵiri amasunga zolemba m'mtundu wa OpenDocument, umene bungwe la ISO linavomereza mu 2006. Chikonzekero cha phunziro cha .odt, kapena malikisi a .ods, zolembedwa ndi OpenOffice ku koleji, zidzatseguka ndi LibreOffice ku Lirangwe. Ana ayenera kumva kusiyana kwa cholemba ndi pulogalamu yolembera, monga kalata isiyana ndi cholembera.

Chachiŵiri, aphunzitseni kuŵerenga uthenga wa kompyuta asanadine kalikonse. Lembani uthengawo pa bolodi, ndipo afunseni mafunso atatu: Ndi fayilo iti ikulimbiranidwa? Mwini wake ndani? Wofuna kulanda ndani? Mayankho onse ali m'mizere iŵiri yomweyo, ndipo mwana amene wawapeza waphunziranso kumvetsa nkhani ya Chingerezi.

Pomaliza tikupemphani kuti pambali pa kompyuta ya sukulu pakhale kope lolembamo tsiku, pulogalamu imene yaikidwa kapena kuchotsedwa, ndi dzina la wochita zimenezo. Inu mudzabwerera ku koleji nyengo yoyeserera ikatha, koma mphunzitsi wotsala adzafuna kudziŵa zimene munasintha.