Chomatira Nyumba ya Zipika Chiziyenda ndi Mtengo

Aliyense amene anaphomapo nyumba ya nsichi amadziwa zimene zimachitika chaka chikatha. Dothi limene linali losalala limayamba ming'alu motsatira nsichi, mwina n'kumatuka chigamba chonse. Wophomayo sanalakwe ayi. Nsichi zija anazizika zikadali zaziwisi, ndiye pouma zachepa thupi n'kulisiya dothi pamene linali. Vuto lomweli ndi limene limasautsa eni nyumba za zipika ku Finland, ku Russia, ku Canada ndi ku America, kungoti kwawoko mitengo amaigoneka chopingasa, chipika pamwamba pa chinzake, ndipo mpata ukatseguka m'nyengo ya chisanu imalowa mphepo yozizira moti ikhoza kuumitsa madzi m'ndowa.

Kumpoto kwa Ulaya amisiri ankasema ngalande kunsi kwa chipika chilichonse kuti chikhale bwino pamsana pa chinzake, n'kuyala ndere zouma pakati. Tchalitchi chotchuka cha pa chilumba cha Kizhi, m'nyanja ya Onega ku Russia, chinamangidwa ndi zipika mu 1714 ndipo chilipobe. Anthu a ku Sweden ndi Finland amene anakakhala m'mbali mwa mtsinje wa Delaware kuyambira 1638 anatengera kamangidweka ku America, koma ambiri amene anakatsanzira analibe nthawi yosema mosamala chotero. Ankangosanja zipika n'kusiya mipata yoti n'kulowetsamo dzanja. M'mipatamo ankatsekamo timitengo ndi miyala, pamwamba n'kuphomapo dongo losakaniza ndi laimu, mchenga, udzu kapena ubweya wa ziweto. Ndipo monga kwathu kuno, kuphomako kunali kobwereza: dothi likagwa, amakandanso lina.

Simenti itafala, anthu anaganiza kuti mavuto atha. Apa m'pamene panawonongekera nyumba zambiri, ndipo ndimamva chisoni ndikaganiza kuti eniake ankayesa akuziteteza. Simenti ndi yolimba, koma sidziwa kugonja. Mtengo, ngakhale utadulidwa kalekale, umafufuma kukakhala chinyontho ndipo umanyala kukauma. M'litali susintha kwenikweni, umasintha m'mimba mwake. Ukanyala, pakati pa mtengo ndi simenti pamatseguka kamng'alu konga tsitsi. Mvula yowomba khoma imalowa pamenepo, koma potuluka palibe, poti simenti yatchinga mphepo ndi dzuwa. Chinyontho cha m'thabwa chikakhalitsa pamwamba pa 20 peresenti, kuwola kuli pafupi, ndipo kumayambira mkati mosaoneka. Dothi la agogo linkagwa msanga, inde, koma linkalola mtengo kuuma.

Kusuntha kwa khoma la zipika si kwamasewera. Amisiri omanga ndi zipika zaziwisi amayembekezera kuti khoma litsika mpaka pafupifupi 6 peresenti ya msinkhu wake m'zaka zoyambirira. Khoma la mamita 2.5 likhoza kutsika ndi masentimita 15. N'chifukwa chake pamwamba pa felemu ya chitseko ndi ya windo amasiya mpata dala n'kuubisa ndi thabwa. Kupanda kutero denga limapsinja chitseko mpaka kukana kutseguka.

Kumayambiriro a zaka za m'ma 1980 ku America kunabwera phala la akiriliki lotchedwa chinking, lopangidwa ndi makampani monga Perma-Chink. Pooneka limafanana ndi matope a mchenga, koma likauma limatanuka. Ndilo amamatira mipata ikuluikulu. Ya ing'onoing'ono, ya m'mphepete mwa mawindo ndi m'makona, amathiramo phala losalala la m'machubu.

Koma phala labwino m'manja mwa munthu wosadziwa limang'ambikabe, ndipo chifukwa chake n'chimene ndikufuna muchimvetse. Phalalo liyenera kugwira mbali ziwiri zokha: chipika cha pamwamba ndi chipika cha pansi. Kumbuyo kwake lisamatirire kanthu. Choncho asanamate amayamba alowetsa mumpatamo chingwe cha siponji chimene phala silikakamirako. Zipika zikatalikirana, phala lonse la pakati limakhala lomasuka kutanuka. Likagwiranso kumbuyo, limakhala lamangika mbali zitatu, mphamvu yonse yokoka imathera malo amodzi, ndipo limang'ambika pomwepo. Siponjiyo imathandizanso kuti phala lisachite kukhuthala. Mamilimita 6 mpaka 12 ndi okwanira. Pophoma nyumba ya nsichi timati dothi lichuluke kuti khoma lilimbe. Apa fanizo lathu likulekera, chifukwa phala lokhuthala kwambiri limatanuka movutikira, kuwonjezera pa kutha ndalama.

Zina n'zodziwikiratu. Mtengo ukhale wouma, wopanda fumbi, mafuta kapena phula. Samata kukuzizira koopsa kapena dzuwa likuswa mtengo, ndipo akapaka amasalaza ndi mpeni wonyowetsa pang'ono, kukanikiza m'mphepete kuti phala ligwire ndithu.

Palinso ming'alu ya m'chipika chenichenicho, imene imabwera chifukwa kunja kwa mtengo kumauma msanga kuposa mkati. Si yonse yoopsa. Woyang'ana pansi susunga madzi, ungathe kuusiya. Woyang'ana kumwamba ndi ngalande yolandira mvula, ndipo ukaposa mamilimita 6 kukula kwake uyenera kutsekedwa, makamaka pa zipika za m'munsi zimene madzi odontha padenga amathovukirapo. Ambiri amayamba athiramo mankhwala a boreti othamangitsa tizilombo tofumbwitsa mtengo ndi kuletsa kuwola.

Inu amene muli kumayiko ozizira ndipo mwapatsidwa ntchito yosamalira nyumba yotere, kapena mukufuna kugula, zungulirani khoma lonse kamodzi pachaka, mvula itangokata. Yang'anani pamene phala lasiyana ndi mtengo, gogodani zipika za m'munsi mumve ngati zikulira ngati mphako, ndipo wina akakuuzani kuti mungotsekapo ndi simenti, mukaneni.