Mbiri ya ambuya ili kuti: mu foni, pa Google, kapena inapita ndi kawalala?

Tulutsa NRC yako uyang'ane bwino. Pali dzina la mudzi, pali dzina la mfumu. Ngati panalembedwa Ndake, ndiye kuti kwanu ndi ku Nyimba, kuja mabasi a pa Great East Road amaima anthu n'kugula nthochi, olo iwe unabadwira ku Chawama kapena ku Mtendere. Manje funso ni iyi: kupatula mayina awiri aja, udziwa chiyani za kwanu?

Kwa Ansenga nkhaniyi si yamasewera. Mtundu umatsata kwa amayi. Ukhale Mumba, Tembo, Lungu kapena Mwanza, tsiku lofuna kukwatira akuluakulu adzafunsa kuti ambuya ako aakazi anabadwa kwa ndani, kuopa kuti ungatenge m'bale wako. Ukafuna munda kumudzi, anyakwawa adzafunsa zomwezo. Pamaliro ndiye osakamba.

N'chifukwa chake achinyamata ambiri masiku ano akapita kumudzi, kaya pa Khrisimasi kaya pobwera ku mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo ku Petauke, amakhazika ambuya pamphasa n'kuyatsa foni. Ena afika mpaka poika mayina mu app ya mbiri ya banja. Ni vabwino maningi. Vuto ndi lakuti ukadina "save", sufunsa kuti zapita kuti.

Ine zinandionekera. Ndinajambula mawu a ambuya maola awiri, mayina onse mpaka agogo awo. Mwezi usanathe foni inapita mu minibus. Ndinali ndi mtima pansi poganiza kuti zonse zili pa intaneti. Munalibe. Ambuyawo anamwalira chaka chotsatira.

Nazi zimene ndinaphunzira mochedwa.

App yojambulira mawu nthawi zambiri imasunga mu foni momwemo. Foni ikabedwa kapena ikagwera mu ndowa, mawu apita. Ma voice note a WhatsApp nawonso amakhala mu foni, pokhapokha ngati unayatsa backup. Ndipo dziwa kuti kuyambira 2024, backup ya WhatsApp pa Android imadya malo pa 15 GB yaulere ija Google imakupatsa, yomwe imagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Photos. Mavidiyo a pa kitchen party akadzaza malo, backup imaima, iwe osadziwa. Wa iPhone ali ndi 5 GB chabe yaulere pa iCloud.

Pa kompyuta, mapulogalamu ambiri a mbiri ya banja amaika fayilo mu foda ya Documents. Ena, monga Gramps yomwe ndi yaulere, amabisa mu foda yakeyake imene suiona ukangotsegula kompyuta. Ngati laptop ndi ya kuntchito kapena unalembera pa cafe, ndiye kuti mbiri ya banja lanu ili m'nyumba ya eni. Tsiku lokuchotsa ntchito sakupatsa mpata wofunafuna ambuya.

Palinso msampha wina. Kuika fayilo imene ukuigwiritsa ntchito mu foda ya OneDrive kapena Dropbox kumaoneka ngati nzeru, koma malaiti akazima kapena network ikaduka pakati pa kutumiza, fayilo ikhoza kuwonongeka, kapena kutuluka ziwiri zosiyana. Gwirira ntchito pa kompyuta, ukamaliza panga backup, ndiye backup ija uitumize pa intaneti.

Nanga FamilySearch? Ni yaulere, ndi ya mpingo wa The Church of Jesus Christ of Latter-day Saints, ndipo zonse zimakhala pa makompyuta awo, osati mu foni yako. Foni ikasowa, mayina ulibe nawo nkhawa. Koma mtengo wa mabanja kumeneko ndi umodzi wa dziko lonse: dzina la munthu womwalira aliyense akhoza kulisintha. Msuweni wako wa ku Kitwe atha kupatsa asikulu ako mkazi wina usiku umodzi. Choncho sunga kope yako pambali.

Mawu oti uwaloweze ndi GEDCOM. Ndi mtundu wa fayilo umene unayamba mu 1984, ndipo pafupifupi pulogalamu iliyonse ya mbiri ya banja imauwerenga. Ndi kafayilo kakang'ono, sikadya bundle. Koma nthawi zambiri kamanyamula mayina ndi zaka chabe; zithunzi ndi mawu uzisunge padera.

Chomaliza ndi kiyi ya nyumbayo. Akaunti ya Google ikakhala zaka ziwiri osaitsegula, Google ikhoza kuifafaniza. Ndipo ngati unailembetsa pa nambala imene unataya kale, tsiku loiwala password udzalira, chifukwa code idzapita kwa munthu wina amene anapatsidwa nambala ija.

Ndiye chita izi weekend ino. Tsegula foni, upeze pamene mawu a ambuya ali. Asinthe dzina, osati "Recording 14" koma "Ambuya Ndake 2024". Tumiza kope imodzi pa Drive, ina pa flash kapena memory card yosakhala mu foni, ina kwa m'bale amene sasinthasintha manambala. Kenako gula buku la hardcover, ulembe mayina ndi bolopeni, ulisiye kwa amalume kumudzi komwe network imavuta.

Ku National Archives kuno ku Lusaka kuli mabuku akale a maboma, olembedwa nthawi ya atsamunda, onena za mafumu ndi midzi. Koma dzina la mayi amene anabereka ambuya ako mwina mulibemo. Limenelo lili pakamwa pa nkhalamba imodzi kwa Ndake, ndi mu foni ili m'thumba mwakomo.