Kompyuta yakale isatayidwe: kusankha Linux ndi kukonza kayakidwe kake

Makompyuta ambiri amene timawaona ku Cuamba, ku Mandimba ndi ku Massangulo m'boma la Ngauma ndi ogwirapo kale nchito. Ena anagulidwa kwa ogulitsa zinthu zakale, ena anacokera kwa acibale a ku Nampula kapena ku Joni, ena anaolokera pa malire a Chiponde. Mwina gulu lanu losunga ndalama lili nayo imodzi, kapena kalasi yanu ya sukulu ya akulu. Mukaiyatsa imacedwa, mpaka madzi a tiyi kuwira isanatseguke. Mukaikamo fulashi, makalata ena amasowa cifukwa ca vairasi. Musafulumire kunena kuti yatha. Nthawi zambiri makinawo amakhala adakali bwino, ndipo cimene cafooka ndi pulogalamu yaikulu imene ili mkatimo. Imeneyo ingasinthidwe popanda kugula ina.

Pulogalamu imene imadzuka poyamba

Kompyuta ili ndi mbali ziwiri. Pali zimene mumazigwira ndi manja, monga sikirini, mabatani olembera ndi batire. Palinso mapulogalamu, amene ndi malangizo ouza makinawo cocita. Pa mapulogalamu onse, pali imodzi imene imayendetsa anzake. Iyo ndiyo imalandira zimene mwalemba, imasunga makalata anu, ndi kutsegula mapulogalamu ena mukawaitana. Pa Cipwitikizi amaiti sistema operativo.

Imene ambiri timaidziwa ndi Windows, ya kampani ya Microsoft. Pa 14 Okutobala 2025 kampaniyi inathetsa cisamaliro ca nthawi zonse ca Windows 10. Kompyuta ya Windows 10 imayakabe, inde, koma ili ngati nkhokwe imene mwini wake wasiya kumata. Bowo likabooka, makoswe amangolowa. Windows 11, imene inabwera pambuyo pake, imafuna makina amphamvu komanso kacipangizo kacitetezo ka TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale alibe. Apa ndi pamene Linux imathandiza.

Linux ndi ciyani?

Mu 1991 mnyamata wina wa ku Finland, dzina lake Linus Torvalds, amene ankaphunzira pa yunivesite ya Helsinki, analemba mtima wa pulogalamu yotere ndi kuupereka poyera kuti aliyense auone ndi kuukonza. Nchito yake inalumikizana ndi ya gulu la GNU, limene Richard Stallman analiyambitsa ku America mu 1983. Gululi linkafuna kuti munthu akhale ndi ufulu wogwiritsa nchito pulogalamu, woona mmene inapangidwira, woisintha, ndi wogawira anzake.

Taganizani za mbewu ya cimanga ca makolo. Mumasunga, mumabzala, mumagawirako mnansi, ndipo palibe amene amakuti mwaba. Linux ili comweco. Fulashi imodzi ingaike Linux m'makompyuta khumi, ndipo lamulo limalola. Ngati foni yanu ndi ya Android, ndiye kuti Linux mumayenda nayo kale m'thumba, pakuti Android inamangidwa pa mtima womwe uja.

Cifukwa aliyense ali ndi ufulu woisintha, Linux ili ndi mitundu yambiri. Debian inayamba mu 1993. Ubuntu inatuluka mu Okutobala 2004, ndipo anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinali si lacilendo kwa ife, ndi liwu lomwe lija timati umunthu. Linux Mint inatuluka mu 2006. Inamangidwa pa Ubuntu, ndipo maonekedwe ake ndi oyandikira ku Windows: kamzere pansi pa sikirini, ndi batani la mndandanda wa mapulogalamu kumanzere.

Musankhe iti?

Coyamba, dziwani mphamvu ya kompyuta yanu. Funsani munthu wokonza makompyuta kuti ili ndi RAM yocuruka bwanji. RAM ili ngati mphasa yoyanikirapo ufa. Ikakhala yaing'ono, simungayanike zambiri nthawi imodzi. Imayezedwa ndi GB.

Ngati ili ndi 4 GB kapena kuposa, tengani Linux Mint ya mtundu wa Cinnamon. Ngati ili ndi 2 GB, tengani Linux Mint ya mtundu wa Xfce, kapena Lubuntu. Izi ndi zopepuka, sizilemetsa makina. Linux Mint imafuna malo osungiramo zinthu osacepera 20 GB. Ngati kompyutayo ndi yakale kwambiri, ya mtundu wa 32 bit, Linux Mint yatsopano siingalowemo. Pamenepo pali ina dzina lake antiX, imene inapangidwira makina otere.

Caciwiri, onani kuti idzasamalidwa mpaka liti. Linux Mint 22, imene inatuluka mu 2024, idzalandira zokonza zacitetezo mpaka 2029. Musalole kuti akuikireni yakalekale imene nthawi yake inatha.

Cacitatu, ganizani za amene adzakuthandizani. Ngati mphunzitsi wanu kapena wokonza makompyuta wa pafupi amadziwa Ubuntu, palibe cifukwa cotengera ina imene palibe aliyense woidziwa m'dera lanu. Cikavuta mudzafunsa yani?

Dziwaninso zimene zidzasinthe. Mapulogalamu ambiri opangidwira Windows salowa mu Linux. M'malo mwa Word, Linux Mint imabwera ndi LibreOffice Writer. M'malo mwa Excel muli LibreOffice Calc, yabwino polemba ndalama za gulu. Polowa pa intaneti muli Firefox. Makalata a Word amatseguka mu Writer, ngakhale nthawi zina mizere imasuntha pang'ono. Ngati pa nchito yanu pali pulogalamu ya Windows imene simungakhale opanda iyo, funsani kaye musanasinthe.

Yesani musanaike

Ubwino wa Linux ndi wakuti mungailawe kaye. Mufunika fulashi yopanda kanthu, ya 8 GB ikwana bwino. Linux Mint imatengedwa pa tsamba lake la pa intaneti, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi 3 GB. Pa foni ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, zimenezi zimadya ndalama ndithu. Ndiye sonkhani ngati gulu, mutenge kamodzi, mugawane. Imaikidwa pa fulashi ndi pulogalamu ngati Rufus kapena balenaEtcher. Kumbukirani kuti zonse zimene zinali pa fulashiyo zimafufutika.

Lowetsani fulashi, yatsani kompyuta, ndipo nthawi yomweyo dinani batani losankhira poyambira. Pa makompyuta ambiri a Dell ndi Lenovo ndi F12, pa HP ndi F9. Sankhani dzina la fulashi yanu. Linux idzatseguka kucokera pa fulashiyo, ndipo Windows yanu idzakhala ili comweco, yosakhudzidwa. Tsopano yesani zonse. Mawu akumveka? Intaneti ikugwira? Makina osindikizira akuyankha? Mabatani onse akulemba?

Mukakhutira, imani kaye. Apa ndi pamene anthu amalira. Mukasankha kuika Linux pa malo onse, zonse za mkati zimafufutika: zithunzi, makalata, kaundula wa ngongole za gulu. Sizibwereranso. Koperani zonse zofunika pa fulashi ina, ndipo mutsegule pa kompyuta ina kuti muone ndi maso anu kuti zalowadi. Ngati malo alipo okwanira, mungasankhe kusunga Windows ndi kuika Linux pambali pake. Mukatero, poyatsa kompyuta idzayamba yakufunsani imene mukufuna.

Yambani nchitoyi batire ili yodzaza, ndipo onani kuti magetsi a Credelec sali pafupi kutha. Kompyuta ikazima pakati pa nchito, mudzayambiranso. Ikakufunsani ciyankhulo, sankhani Cipwitikizi kapena Cingerezi, cimene mumaciwerenga bwino. Ikafunsa dera, sankhani Maputo kuti nthawi ikhale yolondola. Ikafunsa mtundu wa mabatani, yang'anani anuwo. Ngati pali batani la Ç pafupi ndi L, ndi a Cipwitikizi.

Kukonza zimene zimatseguka mukayatsa

Mlimi wanzeru amakonzeratu khasu ndi cikwanje madzulo, kuti m'mawa angonyamula. Kompyuta nayo mungaiuze zimene ikonzeretu ikangoyaka.

Dinani batani la mndandanda pansi kumanzere, ndipo mulembe liwu lakuti arranque ngati yanu ili m'Cipwitikizi ca ku Portugal, kapena startup ngati ili m'Cingerezi. Pa Cinnamon mudzapeza Startup Applications. Pa Xfce dzina lake ndi Session and Startup. Mkatimo muli maina a mapulogalamu amene amadzuka okha, ndipo lililonse lili ndi poyatsira ndi pozimitsira pake.

Kuti muwonjezere pulogalamu pa Cinnamon, dinani cizindikiro ca + ndi kusankha dzina lake pa mndandanda. Ngati kompyutayo ndi ya kalasi, ikani LibreOffice Writer. Wophunzira akayatsa, adzapeza tsamba loyera likumudikira, osayamba wasocera m'mindandanda. Ngati ndi ya gulu losunga ndalama, ikani LibreOffice Calc. Pa Cinnamon mungauzenso pulogalamu kuti idikire masekondi angapo isanatseguke, kuti makina ayambe apuma.

Musacurukitse. Pulogalamu iliyonse yodzuka yokha imatenga malo pa mphasa ija. Pa kompyuta ya 2 GB, imodzi kapena ziwiri basi. Firefox ndi bwino kuitsegula nokha pamene mukuifuna, cifukwa ikatseguka yokha foni italumikizidwa, ingayambe kudya intaneti yanu inu osadziwa.

Pozimitsa tsatani lamulo ili: cimene simukucidziwa, cisiyeni. Pulogalamu yoona za intaneti ndi ija yokudziwitsani za zokonza zatsopano, Update Manager, zisiyeni zoyaka. Zokonzazo ndizo zimamata mabowo a nkhokwe. Ngati intaneti ndi yodula, sankhani tsiku limodzi pa mwezi loti muzizitenga. Koma tsamba lokulandirani lija, limene limatseguka nthawi iliyonse, mungalithetse. Pansi pake pali kabokosi konena kuti lizionekera poyatsa. Cotsani cizindikiro m'kabokosiko.

Mawu acinsinsi

Poika Linux, imafunsa ngati mukufuna kuti izitseguka yokha kapena izifunsa mawu acinsinsi. Kutseguka yokha n'kofulumira, koma aliyense amene waiyatsa amaona zonse. Ngati muli maina a anthu ndi ngongole zawo, izifunsa mawu acinsinsi. Njira yabwino pa kompyuta ya anthu ambiri ndi kupanga zipinda ziwiri. Cimodzi ca woyang'anira, amene ali ndi mphamvu yoika ndi kucotsa mapulogalamu. Cina ca ophunzira, copanda mphamvu imeneyo. Zimenezi zimakonzedwa pa Users and Groups. Mawu acinsinsi asakhale dzina lanu kapena caka cimene munabadwa, ndipo nambala yacinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola musaisunge m'kompyuta ya gulu.

Sikirini yosavuta kuwerenga

Ambiri a ife maso anayamba kutopa. Pa Cinnamon, tsegulani Accessibility, pa Cipwitikizi Acessibilidade, ndi kuyatsa zilembo zazikulu. Cithunzi ca kumbuyo cikhale ca mtundu umodzi, cosadzaza maluwa, kuti maina azioneka bwino. Mumacisintha podina batani la kumanja la mausi pa malo opanda kanthu. Mapulogalamu awiri kapena atatu amene mumawafuna tsiku ndi tsiku, aikeni poonekera: pezani dzina lake pa mndandanda, dinani batani la kumanja, ndi kusankha kuti likhale pa sikirini.

Polemba Cinyanja, Writer idzaika mizere yofiira pansi pa mawu ambiri. Musadandaule, simunalakwitse. Iyo ikuyerekeza mawu anu ndi a Cipwitikizi kapena a Cingerezi. Dinani Shift pamodzi ndi F7, mizereyo icoka. Ngati mukufuna cilembo ca ŵ, cimene mabuku ena amalemba pa dzina la Malaŵi, pa mabatani a Cipwitikizi yambani ndi kacipewa aka ^ kenako w. Ndipo cifukwa magetsi sapangana nanu, zolowerani kudina Ctrl pamodzi ndi S pafupipafupi kuti zimene mwalemba zisungike.

Pali mapulogalamu ena aulere othandiza kalasi. Klavaro imaphunzitsa zala kupeza zilembo. GCompris ili ndi masewero a zilembo ndi manambala, ana anu adzaikonda. Kiwix imalola kuwerenga Wikipedia popanda intaneti mukangoitenga kamodzi. Pezani maina awo mu Software Manager, ndipo mapulogalamu muziwatenga mmenemo, osati pa fulashi ya munthu aliyense. Linux siigwidwa ndi mavairasi ambiri a Windows, koma fulashi yodwala ingapatsirebe kompyuta ya mnzanu.

Mukamaliza kukonza, zimitsani kompyuta ndi kuiyatsanso kuti muone ngati zimene munasankha zikutseguka. Kenako tengani pepala, mulembe ndi dzanja lanu m'Cinyanja njira yoyatsira, yosungira kalata ndi yozimitsira, mumate pafupi ndi kompyutayo. Fulashi ya Linux ija musaifufute. Isungeni pouma, cifukwa tsiku lina gulu la m'mudzi woyandikana nawo lidzabwera kudzaibwereka.