Bwato lakufalo lili ndi mwini wake

Tsegulani Facebook kapena Instagram Lolemba, anthu atabwerako kunyanja. Chithunzi ichi simuchisowa: bwato long'aluka lili gone pamchenga, mitambo ili bii, mitundu yonse yachotsedwa, kwangotsala kuda ndi kuyera. Pansi pake kamawu kamodzi kachizungu, basi. Ineyo zithunzi zoterezi ndimazikonda, ndipo nane ndimajambula. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti pafupifupi zonse sizinena kuti bwatolo ndi la ndani komanso linafa bwanji.

Kuti zimakongola, palibe angatsutse. Nyanja yathu ndi yobiriwira moti diso limathamangira kumadzi. Mukachotsa mitunduyo, diso limabwerera pa thabwa: ming'alu, misomali yadzimbiri, phula lomatira mabowo, chingwe chodukaduka. Foni ya mtengo wotsika ikhoza kuzigwira zimenezi. Jambulani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, pamene kuwala kumabwera chammbali n'kuika kamthunzi mu mng'alu uliwonse. Dzuwa la paliwombo limafafaniza zonsezo. Njutani pansi, foni iyandikire mchenga, mphuno ya bwato ifike kumitambo. Jambulani kaye ndi mitundu yake, mudzachotse mukafika kunyumba, chifukwa dzimbiri ndi thabwa lakale zikalowa mu black and white zimakonda kufanana, ndiye mudzafuna kuzisiyanitsa nokha.

Koma kuda ndi kuyera kuli ndi kabodza kake. Chilichonse chimaoneka ngati chamakedzana. Bwato limene mwini wake analisiya chaka chatha chifukwa chosowa ndalama ya matabwa limaoneka ngati la m'nthawi ya atsamunda, ndipo woona amangoti "eee, zakale zinali bwino" n'kupitirira.

Taganizani za nyanja ya Chilwa. Mu 2018 madzi anaphwa, monga zinachitikiranso mu 1968 ndi 1995. Pa doko la Kachulu ku Zomba mabwato anangoti mbwee pa dothi long'ambika. Kwa wojambula amenewo anali malo a maloto. Kwa msodzi wa matemba, makumba ndi milamba, bwato lililonse pamenepo linali fizi ya mwana imene sinalipidwe. Chithunzi chopanda tsiku ndi malo chimabisa zonsezo.

Zombo zikuluzikulu zili ndi mwayi, mbiri yake inalembedwa. Chauncy Maples, imene yakhala zaka zambiri ili duu pa Monkey Bay, tikuidziwa: inapangidwa ku Glasgow, inabwera ili zidutswazidutswa, inalowa m'madzi mu 1901, ndipo dzina inatengera bishopu wa Anglican amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895. Ilala tikudziwa kuti inayamba maulendo mu 1951. Ngakhale Vipya, imene inamira mu 1946 n'kupha anthu 145, ili ndi chikumbutso ku Mangochi.

Nanga bwato losema la ku Senga Bay, Makanjira kapena Nkhotakota? Palibe buku limene linalembamo. Likatha ntchito limakhala mpando wa osoka maukonde, kenako sewero la ana, mapeto ake nkhwangwa, lisanduke nkhuni. Mitengo ikuluikulu yosemera mabwato otere ikusowa chaka ndi chaka. Mwina chithunzi cha m'foni mwanucho ndiye umboni wokhawo umene udzatsale.

N'chifukwa chake ndimati tisamajambule ngati akuba. Musanatulutse foni, perekani moni kwa amene mwawapeza pagombepo. "Wawa achikulire, bwatoli ndi la ndani?" Nthawi zina mudzamva kuti silinatayidwe n'komwe, likungodikira phula kapena kuti nyengo yotseka nyanja ithe. Nthawi zina adzakuuzani mtengo umene linasemedwa, amene analisema, ndi mwera umene unaliswa. Ngati mwini wake anatsikira kuli chete, mudzadziwanso kuti si malo okwerapo n'kumadzijambula mukuseka.

Ndiye poika pa intaneti, lembani zinthu zitatu: malo, mwezi ndi chaka, ndi chimene chinaligoneka bwatolo. Dzina la munthu muike pokhapokha walola. Data yake ndi yomweyo, ma like sachepa. Ndipo mukadzapitanso, muwaonetse eni akewo chithunzicho, kapena muwatumizire pa WhatsApp. Bwatolo ndi lawo.